Kansalu Kobiriwira M'jekete la Bambo Ako

Zengeza 1
Chitungwiza
Lachisanu masana

Rita mwana wanga,

Ndayamba kulemba utangotuluka kupita ku Makoni kukaluka tsitsi. Ndikudziwa kuti kumeneko uchedwa, ndiye nthawi ndili nayo. Bambo ako ali kuseri akumanga katundu wako ndi zingwe zambirimbiri ngati basi ya ku Gutu ikayenda chagada. Kalatayi ndiika m'chikwama chako cha m'manja. Uiwerenge mawa m'basi, musanafike. Chichewa umawerenga mochita kukoka, inenso sukulu ndinalekeza Sitandade 3, choncho tipirirane. Ndikanakuuza pakamwa, koma ndikangoyamba umati, "Mhamha, ndazvinzwa," kuti wamva kale, usanamve n'komwe. Pepala sungalidule mawu.

Choyamba dziwa kuti ndine wokondwa. Farai ndi mwamuna wofatsa, amawomba m'manja polowa m'nyumba ndipo bambo ako akamayankhula sayang'ana wotchi. Sanakuletse kukwatira kutchalitchi kwathu, ngakhale kwawo amapemphera kwina, kumpingo wa amayi a mabulauzi ofiira. Ukwati unayenda bwino, nyama inakwanira, palibe amene anamenyana. Ine ndi nkhawa zanga zonse zija ndinasowa chodandaula, mpaka amayi a chita chathu, bungwe lija la amayi kutchalitchi, anandiseka kuti ndadwala.

Koma pali kanthu kamodzi kamene kandikhala pamtima kuyambira Loweruka lija. Uli kuchipinda kuvula diresi loyera, apongozi ako, amayi a Farai, analowa kudzakuthandiza zipi. Anaona chingwe cha sikapulari yako ya bulauni, kansalu kodalitsidwa kaja, m'khosi, nafunsa kuti, "Ko ichi chii, muroora?" Ichi n'chiyani, mtengwa? Iwe unachikankhira msanga m'kati mwa malaya n'kunena kuti, "Hapana, amai." Palibe kanthu. Ine ndinali pakhomo ndi mbale za keke, ndinaona nkhope yawo. Sanafunsenso. Munthu wamkulu akasiya kufunsa sikuti wakhutira, Rita. Funsolo wapita nalo kwawo.

Ukudziwa zimene amatinena kuno, kuti ife a ku Nyasalande tili ndi mankhwala oopsa. Iwe unabadwira kuno, Chishona umachiyankhula kuposa eni ake, koma ku Gutu ukafika ngati mwana wa Manyasarandi. Kwathu ku Dedza, Farai ndi amene akanabwera kudzamanga kuseri kwa nyumba yanga, ine n'kumakuona tsiku ndi tsiku. Kuno wopita ndiwe. Ukakafika, azakhali a Farai adzamasula katundu wako pamaso pa akazi onse a pamudzi, adzakutumula bulangeti lililonse, adzapapasa pilo aliyense. Chimene akachipeze chobisika adzachitcha chithumwa. Ndipo mtengwa amene dzina limenelo lamumata, mbale yake anthu saidya. Ndikudziwa chifukwa zinandichitikira, osati kwa apongozi, koma m'nyumba mwanga momwe.

Nkhani iyi sunaimvepo. Iwe unazolowera kuona bambo ako ali a Yosefe, dzina lawo la ubatizo, oyendetsa mbale ya chopereka pa Misa yoyamba. Kale sanali choncho. Uli ndi zaka ziwiri tinkakhala ku Mbare m'chipinda chimodzi, iwo akugwira ntchito yoperekera zakudya pahotela m'tauni. Lamlungu ine ku Misa, iwo ku bawa kukamwa ndi anzawo. Sanali munthu woipa, koma za ubatizo sankafuna kumva. Ngakhale dzina lakoli ndinakupatsa chifukwa Rita Woyera anali ndi mwamuna wovuta namupempherera mpaka anasintha. Bambo ako mpaka lero amaganiza kuti ndinangolikonda, ndiye usawauze. M'mawa uliwonse ndinkaima pakhomo kuwayang'ana akupalasa njinga, mtima uli m'mwamba: lole ikawagunda lero, apita kuti? Tsiku lina ndinakalirira asisitere ena okalamba a kuparishi. Anatsegula dirowa natulutsa kansalu kobiriwira, kochepa ngati bokosi la machesi, ka chingwe chobiriwiranso. Anati iyi ndi sikapulari yobiriwira. Siili ngati ya bulauni imene timavala tokha titavekedwa ndi ansembe. Iyi ndi yopempherera munthu amene ali kutali ndi Mulungu. Mbali imodzi kuli Amayi Maria, mbali inayo kuli mtima wolasidwa ndi lupanga, ukudontha magazi. Anati munthuyo akakana kuivala ukhoza kuiika m'chipinda chake kapena m'zovala zake, iwe n'kumanena m'malo mwake tsiku lililonse kuti, "Mtima Woyera wa Maria, mutipempherere ife tsopano ndi pa nthawi ya kufa kwathu." Anandiuzanso kuti ndiyambe ndawapempha amuna anga. Mawu amenewo ndinawasiya pageti la parishi. Kunyumba ndinafika ndi mawu a zovala okha.

Bambo ako anali ndi jekete limodzi lotuwa, loyendera Lamlungu. Iwo ali kuntchito ndinatumbula nsalu ya m'kati, kumanzere, pamene pamagunda mtima, n'kusokeramo kansalu kaja. Ndinasoka bwino kwambiri, moti ndinadzitama. Miyezi itatu inatha ndikunena pempherolo, iwo akupitabe ku bawa ndi Amayi Maria pachifuwa osadziwa. Kenako thumba la jeketelo linabooka, iwo analitenga kupita nalo kwa telala wa pakhonde kumsika, pamene amuna a kwathu ankasonkhana kusewera ntchuwa. Telala atadula ulusi, kansalu kanagwa pansi. Amuna aja anakatola n'kumapatsirana m'manja. Wina anati, "ABanda, mwaphikidwa kale. Taonani mpeni pamtima." Wina anati, "N'chifukwa chake masiku ano mumathamangira kunyumba dzuwa likadalipo. Ife timayesa ndi chikondi." Onse anaseka kupatula bambo ako.

Anabwera kunyumba, anakaika patebulo. "Naphiri, ichi n'chiyani?"

Ndipo ine, mayi wako, ndinayankha monga unayankhira iwe Loweruka. "Palibe kanthu."

Sanandimenye, sanakalipe. Anangosiya kudya. Ndikaika mbale, ankaikankhira pambali ndi chala chimodzi. Ankabwera ndi buledi wa kuhotela atamukulunga m'nyuzipepala, n'kumadya atayang'ana kukhoma. Madzi ankakatunga okha pampopi. Ngakhale tiyi wanga ankamuopa. Milungu itatu, Rita, m'chipinda chimodzi. Akazi a pamzere wathu anamva, ndipo ena anayamba kubwera mwakachetechete kudzandifunsa kumene ndinagula mankhwalawo, kuti nawonso akagule. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti dzina langa lawonongeka.

Bambo ako anaitanitsa ankhoswe, amalume ako a ku Mufakose, ndipo ine ndinapempha akatekisiti kuti nawonso abwere. Tinakhala anthu anayi, iwe uli pamiyendo panga. Akatekisiti sanalalikire. Anangopisa m'thumba la malaya awo natulutsa kansalu kofanana ndendende, nakaika pambali pa kaja, nawerenga mawu olembedwa mozungulira mtima uja. Bambo ako anatenga tonse tiwiri, anatitembenuza, anatibweza patebulo.

"Ndamva," anatero. "Si mankhwala. Koma Naphiri, ukanandipatsa m'manja ndikanakana, ndipo tikanaseka, n'kudya. Iwe unandisokera ngati ndine thumba la chimanga. Munthu amene ndimagona naye chipinda chimodzi akamandibisira singano, ndidziwa bwanji chimene adzasoke mawa?"

Amalume ako anati, "Mlamu, ndiye tikataye?"

"Ayi. Ndisunga ndekha, kuti ndizidziwa pamene kali."

Anakaika m'chikwama chawo pamodzi ndi chitupa. Tsiku lomwelo anadya, anapemphanso zina. Ubatizo unabwera patapita zaka khumi ndi chimodzi. Ngati kansaluko kanathandiza, Mulungu ndiye akudziwa. Iwo amati anangotopa ndi phokoso la ku bawa. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti miyezi itatu imene kanali kobisika kanabala njala ndi manyazi, ndipo zaka zonse zimene kakhala poyera sikanavutitsepo munthu. Kakadali m'chikwamamo, kofwifwa ngati tsamba louma. Usabise, Rita. Chinthu chodalitsidwa ukachibisa chimasanduka chithumwa m'maso mwa anthu, ndipo sungawaimbe mlandu.

Ungaganize kuti ndinaphunzira. Ayi ndithu. Chaka chimene tinalandira nyumba ino ya ku Zengeza ndinalakwitsanso. Ukudziwa kuti zinthu zodalitsidwa zikatha ntchito sititaya m'bini pamodzi ndi makoko a mbatata. Timaziwotcha kapena kuzikwirira m'nthaka. Ndinali ndi sikapulari ya bulauni yoduka chingwe, korona yosowa mikanda isanu, ndi kanjedza wouma wa chaka chinzake. Ndinaona kuti anthu akandiona afunsa zambiri, ndiye ndinalawirira m'mamawa n'kukumba kadzenje pafupi ndi waya wa mpanda, kuseri kwa bedi la repu. Mai Chipo, oyandikana nafe, anali pazenera. Mlungu womwewo mwana wawo Chipo anagwidwa ndi chikuku. Moni anatha. Kubwerekana mchere kunatha, ndipo kuno mnansi akasiya kubwereka mchere dziwa kuti zavuta. Panatha masiku anayi zili choncho. Lachisanu ndinatenga khasu dzuwa lili pamutu, ndinawaitana pawaya, ndinafukula iwo akuona. Ndinawaonetsa mtanda wa pakorona, ndinawafotokozera chimodzichimodzi. Anayang'ana, kenako anaseka mpaka kugwira waya. "Mai Rita, munhu anochera masikati," anatero. Munthu amakumba masana. Ndi omwewo amene anaphika mpunga wa ukwati wako, koma pakanapanda khasu lija tikanakalamba tikupenyana m'mbali. Ndiye ku Gutu usakakumbe paliponse, m'mawa kapena masana. Sikapulari yako ikatha, uiwotche pamoto wa kukhitchini apongozi ako ali pomwepo, utawauza chimene ukuchita. Ngati sungathe, uiike m'envulopu unditumizire, ndikwirira kuno kuseri kwa repu. Mai Chipo anazolowera.

Akakakufunsa kuti n'chifukwa chiyani inu a Roma mumapembedza anthu akufa, usakwiye ndipo usakhale chete. Uwauze kuti sitiwapembedza. Uwakumbutse kuti Farai pofuna iwe sanabwere yekha kwa bambo ako. Anatuma munyai wake, nkhoswe yodziwa kukhala pansi ndi kuyankhula bwino, ngakhale khomo lathu ankalidziwa. Oyera ndi otero. Ndi abale athu aakulu amene anatsogola, ali pafupi ndi Mwini wake, ndipo timawapempha kuti atipempherere monga mmene apongozi ako amapemphera amayi anzawo a Lachinayi kuti awapempherere. Sikapulari ya bulauni ndi yunifomu yathu yaing'ono, yosonyeza kuti tili m'manja mwa Amayi Maria. Apongozi ako ali ndi bulauzi yofiira, iwe uli ndi kansalu ka bulauni. Mayi wovala yunifomu amva zimenezo. Angakane kuvomereza, koma sangakuope.

Komanso iwe mwini usawasandutse oyera kukhala asing'anga, monga ndinachitira ine ndi Blasio Woyera. Ukukumbukira Febuluwale aliyense, m'mawa mwake mwa tsiku lodalitsa makandulo, tinkaima pamzere ansembe n'kutipingasira makandulo awiri pakhosi? Iwe unkaseka kuti akukugirigisha. Blasio anapulumutsa mwana amene munga wa nsomba unamuima pakhosi, n'chifukwa chake timam'pempha za matenda a kukhosi. Uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi munga unakuima iwenso. Ine ndinatenga makandulo awiri odalitsidwa, ndinakugwaditsa, ndinawapingasa pakhosi pako, n'kuyamba Tikuoneni Maria. Iwe ukutsokomola, malovu ali chuchuchu, ine ndikuwonjezera mapemphero. Bambo ako polowa sanafunse kanthu. Anakunyamula, anakukhazika pakaliyala, ine ndikuthamanga pambuyo makandulo ali m'manja. Kukiliniki anamwino anauchotsa ndi kachitsulo kopanira, nthawi yochepa kuposa ya Atate Athu mmodzi. Pobwerera bambo ako anati, "Naphiri, Blasio wakoyo samva munthu akamapemphera akuyenda?" Amamva, mwana wanga. Ku Gutu ndamva kuti kiliniki ili kutali, kuwoloka mtsinje. Mwana akadzatentha thupi, iwe nyamuka, Blasio um'peza panjira. Ndipo makandulo opingasa ndi ntchito ya ansembe, si yako kapena yanga.

Tsono tamvera zimene ndalongedza ndi zimene ndasiya. Madzi odalitsidwa ali m'botolo la mafuta ophikira lotsukidwa bwino, ndipo bambo ako alembapo ndi zilembo zazikulu m'Chishona kuti aliyense awerenge. Uliike pashelefu poonekera. Usakawaze pakhomo la apongozi, kapena pakhola la ng'ombe, ngakhale mphezi zitang'anima bwanji. Chithunzi cha Rita Woyera chili pamwamba penipeni mu sutikesi, kuti akangotsegula akumane nacho. Akafunsa za bala la pamphumi pake, uwauze kuti ndi munga wa chisoti cha Ambuye Yesu. Timaluwa touma tija timene tinadalitsitsa pa tsiku lake mu Meyi ndatisiya kuno. Ndinatikulunga kale m'kampango, koma nditatiyang'ana bwino ndinaona kuti ngakhale ine nditatipeza m'katundu wa mtengwa ndingaitane anthu. Tikhala m'kabati, uzidzationa ukabwera.

Basi ya ku Gutu akuti imaima pa Chivhu. Usadye nyama ya pamenepo, sudziwa yagona masiku angati. Juzi ili m'chikwama chofiira, kumeneko kumazizira kuposa kuno. Misa akuti imafika kamodzi pamwezi pasukulu ina yapafupi. Ufunse tsiku lake pamaso pa onse, ndipo ukamapita uzitsanzika, usamazembe ngati ukupita kwa chibwenzi.

Tsopano ndifike pa chimene ndakhala ndikuchizungulira kuyambira tsamba loyamba. Lolemba ndinapita kuparishi kukagula sikapulari yobiriwira yatsopano, ansembe anaidalitsa. Ndinkaganiza za Farai. Ndi munthu wabwino, koma ana anu adzapemphera kuti? Nanga akadzatopa kukuperekeza ku Misa? Nanga iwe ukadzatopa kupita wekha? Lachitatu iwe uli ku Unit K kukatsanzika anzako, ndinatenga mapilo awiri aja ndakusokera, a maluwa abuluu. Ndinatumbula mmodzi pakona, ndinalowetsa kansaluko pakati pa thonje, ndinayamba kutseka. Ndinadziuza kuti pilo si jekete, sapita kwa telala. Ndinadziuzanso kuti asisitere aja anati m'chipinda n'zololedwa. Mayi wa zaka makumi asanu, wodziwa zonse zimene ndakulemberazi.

Bambo ako analowa kudzafuna lumo. Anaima, anandiyang'ana, anayang'ana pilo.

"Naphiri, singano imeneyo ndikuidziwa."

"Ndikungolimbitsa pakona."

"Ee. Inenso munandilimbitsa pakona."

Anakhala pabedi, anatenga piloyo, anam'papasa ngati mmene adzachitire azakhali a Farai. Sanachedwe kukapeza.

"Ine ndakapeza ndi zala za nkhalamba," anatero. "Kumeneko kuli akazi khumi. Ndipo amene adzafunsidwe si iwe. Iwe udzakhala kuno ukuthirira repu. Adzafunsa mwana, iye adzati sakudziwa, ndipo adzakhala akunena zoona. Ndani adzam'khulupirira?"

Ine ndinalakwa ndekha ndipo ndinali ndi amalume ako ndi akatekisiti pafupi. Iwe ukanasenza mlandu wanga uli wekha, kwa eni, pa chinthu chimene sunachionepo.

"Nanga Farai?" ndinafunsa. "Tingom'siya?"

"M'patse Rita, akam'patse mwamuna wake m'manja. Akakana, wakana. Ine ndinakana zaka khumi ndi chimodzi, koma ndinkadya."

Anandipatsa lumo lija, ndinatumbula ndekha iwo akuona.

Choncho kansalu kamene kagwere pamiyendo pako potsegula kalatayi ndi komweko. Usakabweze m'envulopu. Farai akhala pambali pako m'basimo, um'onetse pomwepo, mbali zonse ziwiri, ndi lupanga lomwe. Umuuze kuti kachokera kwa apongozi ake a ku Zengeza, amene amada nkhawa ndi chilichonse, ndipo kuti akhoza kukasunga kapena kukubwezera. Akakubwezera usalire, ukaike pashelefu pafupi ndi botolo lija, pempherolo uzinena ndiwe. Ndipo mukakafika, akazi asanayambe kumasula katundu, ugwade pamaso pa apongozi ako, utulutse chingwe cha bulauni chija pamwamba pa bulauzi, unene kuti, "Amai, Loweruka munandifunsa ndipo ndinachita manyazi. Ichi ndi ichi." Unene m'Chishona chako chabwinocho. Masana, anthu akuona.

Ndamva geti likulira, uyenera kuti ndiwe. Ndilekeze pano ndisanayambe kukuuza za nyama ya pa Chivhu kachiwiri. Amayi Maria akufunde, Rita Woyera akuyendere pambali, Blasio akusungire khosi.

Pilo mmodzi ukam'peza ali wotsegula pakona, malo okwana zala zitatu. Ndasiya dala. Azakhali a Farai apisemo mmene angafunire, muli thonje lokhalokha. Akatha, usoke wekha. Singano ndi ulusi wabuluu ndabaya pomwepo, poonekera.

Ndine mayi wako,
Naphiri